Musanachotse bokosi la mpweya m'pikapu yanu

Pikapu ikangofika mu Mzuzu kuchokera ku Dar es Salaam kapena ku Joni, sipapita nthawi mwini wake asanayambe kuisintha apa ndi apo. Wina amayamba ndi matayala, wina zitsulo zakutsogolo, wina magetsi owonjezera chifukwa cha nkhungu ya ku Chikangawa. Masiku ano ena afika mpaka pansi pa boneti. Akuchotsa bokosi lakuda la pulasitiki lomwe mumakhala fyuluta ya mpweya, n'kuikapo paipi yonyezimira yokhala ndi fyuluta yofiira kumapeto kwake. Pakatoni pamakhala palembedwa kuti injini iwonjezera mphamvu ndipo izidya mafuta ochepa. Kumene zidazi zinapangidwira, zina mwa zimenezi n'zoona. Koma pikapu ya kuno imakwera Nyika, imatsikira ku Usisya, imawoloka madzi ku Karonga, ndipo mafunso omwe mwini wake ayenera kufunsa ndi ena.

Injini imameza mpweya wambiri kuposa mmene ambiri timaganizira. Ya petulo imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya kuti iwotche bwino kilogalamu imodzi ya mafuta, ndiye kuti lita imodzi ya petulo imapita ndi malita a mpweya pafupifupi 9,000. Ya dizilo imakoka woposa pamenepo. Injini ya malita 3.0 ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi, imakoka malita 4,500 a mpweya mphindi iliyonse, ndipo ikakhala ya turbo, chipangizo chokankhira mpweya wowonjezera mu injini, umachuluka kwambiri. Mpweya wonsewo umadutsa papepala limodzi lopindapinda. Mukakhala kumbuyo kwa lole pamsewu wa dothi mwezi wa Okutobala, moti simukuona bwino ngakhale magetsi ake akumbuyo, pepala limenelo lokha ndi lomwe laima pakati pa fumbilo ndi mapistoni anu.

Fyuluta inabadwira ntchito imeneyi. Mu 1915, Frank Donaldson, yemwe ankagulitsa mathirakitala ku America, anapeza kuti thirakitala ya mlimi wina ku Utah inkangofa chifukwa cha fumbi la m'munda. Anaipangira sefa ya waya ndi nsalu, ndipo kampani ya dzina lake ikupangabe mafyuluta a malole ndi makina a m'migodi mpaka lero. Za kuwonjezera liwiro zinabwera pambuyo, ndi anthu a mipikisano. Kampani ya K&N, yomwe fyuluta zake zansalu zopaka oyilo zimadziwika padziko lonse, inayamba mu 1969 ku California ndi anthu othamangitsa njinga zamoto. Munthu wa mpikisano amaphwasula injini yake kawirikawiri ndipo sadandaula nazo. Mlimi wa khofi kapena kontirakita wa ku Luwinga amafuna injini yoyenda zaka khumi osatsegulidwa.

Bokosi lomwe galimoto imabwera nalo limaoneka lachabechabe, koma limagwira ntchito zingapo nthawi imodzi. Limakoka mpweya kunja kwa chipinda cha injini, kaya m'kati mwa madigadi kapena kuseri kwa magetsi akutsogolo. Limachepetsa phokoso. Pansi pake pamakhala kalabala kotulutsira madzi ndi mchenga womwe walowa. M'magalimoto a masiku ano, paipi yotuluka m'bokosimo ndi pomwe pamakhala sensa yoyeza mpweya, yomwe amakaniko amaitcha MAF. Ma Land Cruiser ndi ma Hilux ena akale a dizilo ali ndi bokosi lozungulira lomwe limazunguza mpweya kuti fumbi lolemera ligwere m'kachitini kapansi lisanafike papepala. Ukachotsa bokosi wachotsa zonsezi.

Zomwe zikugulitsidwa m'malo mwake n'zosiyana, ngakhale ogulitsa amazitchula ngati chinthu chimodzi. Pali fyuluta yochapa yomwe imangolowa m'bokosi lakale lomwelo. Pali paipi yaifupi yokhala ndi fyuluta yapoyera pafupi ndi injini, ndipo imeneyi ndi yomwe yafala chifukwa ndi yotchipa komanso imaoneka bwino boneti ikatsegulidwa. Pali ina yotchedwa cold air intake, yomwe imapititsa fyuluta kutali ndi kutentha, mwina m'bokosi lake lotseka kapena pansi kuseri kwa bampala. Ndiye pali snorkel, paipi ija imakwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo mpaka kudenga. Zitatu zoyambazo zimalonjeza mphamvu. Snorkel cholinga chake n'china.

Yapoyera ija ndiyo yofunika kuiopa kwambiri, ndipo chifukwa chake choyamba ndi kutentha. Mpweya ukatentha umafufuma, moti lita imodzi imakhala ndi okosijeni wochepa. Ukatentha ndi madigiri 10, umachepa ndi magawo pafupifupi atatu pa 100 alionse. Galimoto ikamakwawa ndi katundu pachitunda cha Chiweta kapena m'makhotakhota a Gorodi popita ku Livingstonia, mphepo yolowa kutsogolo imakhala yochepa ndipo pansi pa boneti pamatentha kuposa kunja ndi madigiri 20 kapena kupitirira. Fyuluta yapoyera imakoka mpweya womwewo, wochokera ku radiyeta. Kamwayi komwe mwapeza potsegula njira kamathera pomwepo, ndipo kawirikawiri galimoto imafooka pamalo pomwe mumafuna mphamvu. Chomwe chimasintha ndithu ndi kulira. Injini imabangula mukaponda, ndipo khutu limakuuzani kuti galimoto yayamba kuthamanga ngakhale wotchi ikunena zina.

Manambala a pakatoni nawonso ali ndi kwawo. Ambiri amayezedwa pamakina, dalaivala ataponda mafuta mpaka pansi, injini ikuzungulira pafupi ndi malire ake, ndipo nthawi zambiri pa injini zikuluzikulu za petulo monga za Ford F-150 ya ku America. Ndani amayendetsa pikapu motero pakati pa Katoto ndi Ekwendeni? Pa kayendetsedwe ka tsiku ndi tsiku, injini ya petulo imachita kupanidwa mpweya ndi kachitseko komwe phazi lanu limatsegula pang'ono chabe, kotero fyuluta siyomwe ikuiletsa kupuma. Pankhani ya mafuta, kafukufuku yemwe anachitika mu 2009 ku Oak Ridge National Laboratory ku America anaonetsa kuti m'magalimoto a petulo oyendetsedwa ndi kompyuta, ngakhale fyuluta yotsekeka kwambiri siinasinthe kwenikweni kadyedwe ka mafuta. Inangochepetsa changu ponyamuka. Ngati yotsekeka siiwonjezera mafuta, musayembekezere kuti yotseguka iwachepetsa.

Koma mapikapu ambiri amakono mumzinda muno ndi a dizilo ya turbo: Hilux ya D-4D ya 2.5 ndi 3.0, ya 2.4 ndi 2.8 yomwe inayamba mu 2015, Isuzu KB ndi D-Max, Ford Ranger ya 2.2 ndi 3.2, Nissan NP300. Mu injini zimenezi kompyuta ndi yomwe imalamula kuti turbo ikankhe mpweya wochuluka bwanji ndiponso mafuta alowe angati. Mukaipatsa njira yotseguka, turbo imangofika pamlingo wake mosavutikira pang'ono, koma mlingowo susuntha. Mphamvu zoonekeratu zimabwera munthu akasintha pulogalamu ya kompyutayo, ndipo imeneyo ndi nkhani ina yokhala ndi zoopsa zake.

Eni ma Hilux akale a injini ya 3L ndi 5L, kapena Land Cruiser ya 1HZ, zomwe zilibe turbo, amadandaula zoona akamati galimoto imafooka pamtunda. Kungoti wolakwa si bokosi. Mzuzu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo ku Chelinda n'kopitirira mamita 2,000. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi gawo limodzi pa 100 pa mamita 100 alionse omwe yakwera. Galimoto yomwe inali yamoto padoko ku Dar es Salaam imafika kuno itataya kale magawo oposa 10, ndipo pa Nyika imataya oposa 20. N'chifukwa chake imatsitsimuka mukatsikira ku Nkhata Bay. Mpweya wa kumtunda ndi wopyapyala, ndipo palibe fyuluta yomwe ingaubweze. Ngati utsi wakuda wachuluka, fyuluta yatsopano, ma injector abwino ndi pampu yotchera bwino zithandiza kuposa paipi yonyezimira.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse: fyuluta ikusefa bwanji? Pali muyezo wa padziko lonse wotchedwa ISO 5011. Amathira fumbi loyezedwa bwino mumpweya, n'kuona zinthu zitatu: fumbi lomwe fyuluta yagwira, lomwe ingasunge isanatsekeke, ndi mmene ikupanira mpweya. Opanga ena amaonetsa chachitatu chokha chifukwa ndi chomwe chimagulitsa malonda. Inu funsani choyamba. Ndipo musanyengeke poona kuti manambala akuyandikana. Tiyerekeze kuti fumbi lolemera kilogalamu imodzi lafika pa fyuluta. Yogwira magawo 99.9 pa 100 ilola galamu imodzi kudutsa. Yogwira 99 ilola magalamu 10. Yogwira 97 ilola magalamu 30. Pakatoni kusiyana kwake kumaoneka kochepa, koma injini yachitatuyo yadya fumbi lochuluka maulendo 30 kuposa yoyamba. Fyuluta yapepala yabwino imakhala kumtunda kwa mndandanda umenewu. Yansalu yopaka oyilo imalola mpweya wambiri chifukwa timabowo take n'tokulirapo, ndipo imadalira oyilo uja kuti agwire fumbi. Oyilo akauma kapena akachoka pochapa, chatsala ndi nsalu basi.

Fumbi la m'misewu yathu lili ndi timchenga tolimba kuposa zitsulo zambiri za mu injini. Choyamba kukumana nalo ndi mapiko a turbo, omwe amazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi. Makaniko akakuonetsani turbo yodya fumbi, mudzaona m'mphepete mwa mapiko, momwe muyenera kukhala mwakuthwa, mwabuntha ndipo mwachita mawanga. Likadutsa pamenepo limakafika m'masilinda, n'kusakanikirana ndi oyilo, n'kusanduka ngati phala lija amakaniko amapalira ma valve. Limadya maring'i ndi makoma a silinda pang'onopang'ono. Palibe nyale yomwe imayaka pa dashibodi. Mumangoona oyilo akuchepa musanafike pa sevisi, utsi wabuluu ukutuluka, mpweya ukupuma pachivindikiro cha oyilo, ndipo m'mawa wozizira wa mu Juni galimoto ikuchita kufuna kukankha. Pofika pamenepo nkhani imakhala ya ovaholo, ndipo mtengo wake ungagule mafyuluta apepala a zaka zambirimbiri.

Wogulitsa adzakuuzani kuti, "Bwana, iyi ndi yochapa, simudzagulanso ina." Sakunama, koma sakunena zonse. Fyuluta yotere ili ndi mankhwala ake ochapira ndi oyilo wake, ndipo zimenezi sizipezeka pashelefu iliyonse mu Mzuzu. Zikasowa anthu amachapira petulo kapena sopo waufa, n'kupaka oyilo wa injini, ndipo nsalu imaonongeka. Imafunanso kuti iume yokha isanapakidwe. Masiku a chiperoni, pomwe ngakhale malaya sauma pachingwe, ndani angaimike galimoto ya bizinesi kudikira fyuluta? Oyilo akachepa fumbi limadutsa. Akachuluka amatha kuuluka n'kukamata kawaya kotentha ka m'sensa ya MAF, ndipo sensa ikayamba kunama kompyuta imathira mafuta olakwika, nyale ya injini imayaka, nthawi zina galimoto imakana kuthamanga. Sensa yomweyo imasokonekeranso paipi yatsopano ikakhala yotakasuka mosiyana ndi yoyamba, chifukwa kompyuta inaphunzitsidwa kuwerengera mpweya wodutsa m'paipi ya kukula kumodzi. Ngati mtima wanu uli pa yochapa, zilipo zouma zosafuna oyilo, ndipo ndi zomwe ndingakonde, bola zikhale ndi manambala a ISO 5011 olembedwa poyera komanso zikhale m'bokosi lotseka.

Ngakhale fyuluta isefe bwanji, fumbi likapeza polambalala zonse zapita pachabe. Labala wa m'mphepete akhale wofewa ndipo akhale bwino pamalo pake, tizitsulo totsekera bokosi tikhale tonse, mapaipi alabala asakhale ndi ming'alu m'mapindo mwake. Ngakhale opanga magalimoto amavutika napo pamenepa: mu 2018 ku Australia kunamveka madandaulo oti pa Hilux ya 2.8 fumbi linkalambalala fyuluta n'kukasokoneza sensa ya MAF m'misewu ya dothi. Nanga kuli bwanji paipi yodulidwa ndi sowo pagaraja, yomangidwa ndi waya? Mafyuluta achinyengo nawonso ali mbwee. Katoni imafanana ndi yeniyeni, koma mukaitulutsa mudzaona mapindo a pepala ndi ochepa, guluu wapakidwa mosasamala, labala ndi wouma gwa. Ikani yakale yeniyeni pambali pake muyerekeze musanalipire.

Snorkel, kwa ine, ndi chosintha chokhacho chomwe chimayankha mavuto enieni a kuno kumpoto. Fumbi lochuluka limakhala m'munsi, makamaka m'madigadi momwe tayala lanu lomwe likulitifula, ndipo m'pomwe mabokosi ambiri amapumira. Kudenga mpweya ndi woyera komanso wozizirirapo. Mphamvu siwonjezera kwenikweni, ndipo wokuuzani kuti iwonjezera akungofuna ndalama zanu. Phindu lake ndi fyuluta yokhalitsa ndi chitetezo ku madzi.

Madzi safinyika. Pistoni ya dizilo imapanikiza mpweya mpaka kuchepa maulendo 15 kapena kuposa, ndiye madzi ochepa chabe akalowa m'silinda pistoni imagunda chinthu chosasuntha, chitsulo choigwira chimapindika, injini n'kuthera pomwepo. Apa m'pomwe cold air intake ya pansi pa bampala imakhala yoopsa. Siifuna mtsinje wa North Rukuru kuti ikupheni injini. Chithaphwi chakuya cha ku Chibavi mvula ya mu Epulo ikagwa usiku wonse n'chokwanira. Opanga amanena kuti Hilux yatsopano ingawoloke madzi akuya mamilimita 700 ndipo Ranger 800, poyenda pang'onopang'ono. Snorkel imakweza pakamwa pa injini, koma sikweza kompyuta, olitaneta, kapena timabowo topumira ma difu ndi giyabokosi. Ndipo madzi othamanga ofika masentimita 60 amatha kukokolola ngakhale pikapu. Madalaivala ena akaika snorkel amayamba kulimba mtima pamilatho yosefukira, ndipo zimenezi zimandidetsa nkhawa kuposa fumbi, chifukwa kumbuyo kumakhala kutakwera anthu.

Kuika snorkel kumafuna kuboola madigadi, choncho si ntchito ya aliyense wokhala ndi dirilo. Pobowoledwapo papakidwe penti, apo ayi dzimbiri liyamba ndi mvula yoyamba. Polumikiza paliponse pamatidwe bwino, ndipo kalabala kotulutsira madzi pansi pa bokosi kaonedwe ngati kakutsekabe, chifukwa snorkel yodontha m'munsi imangokupatsani chikhulupiriro chabodza. Pulasitiki yake ikhale yopirira dzuwa. Zodziwika monga Safari ya ku Australia n'zodula, koma zotengera zotchipa zimauma n'kung'aluka, ndipo mng'alu wake umakonda kukhala m'kati mwa madigadi momwe simuona. Kumutu kwake mungasankhe chotsegukira kutsogolo, chomwe chimakwanira ngati mumayenda kwambiri patala, kapena chozunguza mpweya ngati cha pathirakitala, chomwe chimataya fumbi lolemera lisanalowe m'paipi. Kwa woyenda njira ya Bolero ndi Thazima mlungu uliwonse, kapena wonyamula matabwa m'tinjira ta m'Chikangawa nthawi ya phulusa la moto wolusa, chachiwirichi ndi chomwe chimabweza ndalama. Chisankhidwe molingana ndi kukula kwa injini: chaching'ono chimaitsamwitsa, chachikulu kwambiri sichizunguza mpweya mokwanira.

Pali chizolowezi china chomwe chimaononga injini zambiri kuposa zida zonsezi, ndipo chimachitika ndi mtima wabwino. Pa sevisi, mnyamata wa pagaraja amatulutsa fyuluta, n'kuimenyetsa patayala, n'kuipopera ndi kompuresa mpaka fumbi kuti kobo. Imabwerera ikuoneka yoyera, koma mphepo yamphamvu ija imang'amba timaulusi ta pepala ndi kusiya timabowo tosaoneka ndi maso. Komanso fyuluta yomwe yagwirako fumbi pang'ono imasefa bwino kuposa yatsopano, chifukwa fumbi loyambalo limatseka timipata tikulutikulu. Kuitsegula pafupipafupi kumangogwetsera dothi kumbali yoyera. Malole ndi mathirakitala ali ndi kageji kosonyeza mmene fyuluta yatsekekera, ndipo kakafika pofiira m'pomwe amasintha. Kageji kameneka n'kotchipa, kamaikidwanso papikapu, ndipo kamathetsa zongoganizira.

Za ndalama sitingazilambalale. Chichokereni Novembala 2023 pomwe kwacha inagwetsedwa ndi magawo 44 pa 100, chilichonse choitanitsa kunja chimawawa, ndipo pamwamba pake pali mtengo wotumizira ndi msonkho wa MRA. Chomvetsa chisoni n'kulipira zonsezo kenako chida n'kukana kulowa. Zida zina za pa intaneti zinapangidwira magalimoto a chiwongolero chakumanzere, momwe batire ndi zina za pansi pa boneti nthawi zina zimakhala mbali ina. Dzina loti Hilux kapena Ranger palokha silikwanira. Perekani chaka, nambala ya chasisi ndi mtundu wa injini. Ngati galimoto ikadali pa waranti, funsani kaye omwe anakugulitsani, chifukwa injini ikapezeka ndi fumbi pomwe bokosi linasinthidwa, kukana kwawo kumakhala kosavuta. Ndipo bokosi lakale musataye kapena kugulitsa.

Chilichonse chomwe mwasankha, chiyeseni pa ulendo woyamba wa m'fumbi. Mukabwerako, injini itazizira, masulani paipi yochokera ku fyuluta kupita ku injini, mupukute m'kati mwake ndi kansalu koyera. Kakatuluka koyera, zonse zili bwino. Kakatuluka ndi fumbi lofiirira, ngakhale lochepa, galimoto isayendenso m'dothi mpaka mutapeza pomwe likulowera: yambani ndi labala wa fyuluta, kenako zomangira mapaipi, kenako fyuluta yeniyeniyo poiunika ndi tochi m'chipinda chamdima.